Kavalo wa rodeo sagulidwa ndi maso okha



Ku Texas, m'dziko la America, munthu wodziwa akavalo akapangana ndi wogulitsa kuti akumane 10 koloko m'mawa, iye amatulukira 9 koloko. Amafuna akampeze kavaloyo akadali m'khola, asanamusambitse, asanamuthamangitse. Amafuna aone yekha mmene akupondera pansi potuluka, ndiponso ngati akulola kugwidwa kapena akuthawa anthu. Pajatu chiweto chotsimphina pang'ono chikathamangathamanga thupi limatentha, kutsimphina kuja n'kubisala. Wofika pa nthawi yake amangoona zimene mwini wake wamukonzera.

Ambiri mwa ife kavalo timangomuona pa kanema. Komabe vuto la wogula wa ku Texas uja tikulidziwa tonse: wogulitsa wakhala ndi chiweto chake zaka zambiri, pamene wogula ali ndi maola ochepa oti achidziwe. Anthu a rodeo, poti ndalama zimene amaika pa kavalo mmodzi ndi zochuluka, anapeza njira zawo zochepetsera kusiyana kumeneku. Tiyeni tizione bwinobwino.

Kodi rodeo n'chiyani?

Rodeo ndi mpikisano umene unachokera ku ntchito yoweta ng'ombe. Mawuwa ndi a Chisipanishi, ndipo amanena za kuzungulira ng'ombe pozikusa. Abusa a ku Mexico ndi a kumadzulo kwa America ankaweta ali pa akavalo, ndiye akatha ntchito ankayesana kuti aone katswiri ndani pokola ng'ombe ndi chingwe. Masewera a abusa aja anakula n'kusanduka malonda. Mzinda wa Cheyenne ku Wyoming unayamba chikondwerero chake cha rodeo mu 1897, ndipo ku Calgary m'dziko la Canada anayamba mu 1912. Mpikisano waukulu wa pachaka, National Finals Rodeo, unayamba mu 1959. Masiku ano umachitikira ku Las Vegas mwezi wa Disembala, ndipo pa mtundu uliwonse wa mpikisano amalowa akatswiri 15 okha amene apata ndalama zambiri chaka chimenecho.

Kavalo amene ambiri amagwiritsa ntchito ndi wa mtundu wa Quarter Horse. Dzinali linabwera chifukwa cha liwiro lake pa mtunda waufupi wa mamita pafupifupi 400. Ndi kavalo wojintcha, wa ntchafu zamphamvu, wolemera pafupifupi theka la tani. Bungwe losunga kaundula wa mtunduwu, American Quarter Horse Association, linakhazikitsidwa mu 1940 ndipo likulu lake lili ku Amarillo, ku Texas komweko. Kavalo wodziwa bwino ntchito, amene anapambanapo mipikisano ikuluikulu, amatha kugulitsidwa madola oposa 100,000. Ndiye mukhoza kuona kuti wogula akalakwitsa, banja lonse limalira.

Funso loyamba: ntchito yake ndi iti?

Wogula wanzeru asanapite n'komwe kukaona kavalo, amayamba wadziwa ntchito imene akumufunira, chifukwa mpikisano uliwonse umadya thupi la kavalo pa malo ake.

Pali mpikisano wozungulira migolo, umene kwambiri amapikisana ndi amayi ndi atsikana. Amaimika migolo itatu, yonga yathu ija ya malita 200, motalikirana ngati mafuwa. Pa bwalo lokwanira bwino, migolo iwiri yoyamba imatalikirana mamita 27, ndipo wachitatu umakhala mamita 32 kuchokera pa uliwonse. Kavalo amalowa ali pa liwiro, kuzungulira mgolo uliwonse, n'kutuluka, zonsezi m'masekondi pafupifupi 17. Akagwetsa mgolo amamuwonjezera masekondi 5, ndiye kuti basi, ndalama zapita. Kavalo wotere mfundo za miyendo yakumbuyo ndi zimene zimavutika, chifukwa amakhota mwadzidzidzi thupi lonse litapendekeka.

Pali wina wa anthu awiri, wokola ng'ombe yolemera makilogalamu oposa 200. Woyamba amaponya chingwe ku nyanga n'kuikhotetsa ng'ombeyo, wachiwiri amakola miyendo yakumbuyo. Kavalo wa woyamba uja ayenera kukhala wamkulu, wa mphamvu zokoka. Wa wachiwiri ayenera kukhala wachangu, wotha kuima nji pa kamphindi.

Palinso wokola thole. Wokwera akaponya chingwe amadumpha pansi, kuthamangira tholelo, n'kulimanga miyendo itatu. Nthawi yonseyi kavalo amakhala yekha, wopanda womuuza chochita, koma ayenera kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kuti chingwe chikhalebe chokungika. Tholelo liyenera kukhala chimangidwire masekondi 6. Apa ofunika ndi kavalo wa mutu wabwino.

Ndiye kavalo akhoza kukhala katswiri pa migolo koma osathandiza pokola ng'ombe. Akhozanso kukhala wabwino kwa katswiri koma woopsa kwa mwana amene akuphunzira kumene. Funso la wogula si lakuti kavaloyu ndi wabwino kodi, koma lakuti ndi woyenera ntchito yanga ndi msinkhu wa luso langa kodi.

Kumuona ataima

Kavalo akatuluka m'khola, wogula amapempha kuti amuimike pa malo olimba, osalala. Pa mchenga kapena pa udzu ayi, chifukwa pamenepo ziboda zimabisala. Amamuzungulira: kutsogolo, m'mbali, kumbuyo. Amaona ngati miyendo ili yowongoka, ngati ntchafu ziwiri zili zofanana kukula, ngati phazi lina akulipewa kulipondetsa. Miyendo yakutsogolo imanyamula magawo pafupifupi 60 pa 100 a kulemera kwa kavalo, n'chifukwa chake kutsimphina kwambiri kumayambira kumeneko.

Kenako amatsitsa dzanja mwendo uliwonse kuyambira pa bondo mpaka pa chiboda, kumvetsera kutentha, kutupa, kapena mtsempha wokhuthala kuposa unzake. Amanyamula phazi lililonse. Chiboda chimodzi chikakhala chaching'ono ndi chopanikizika kuposa chinzake, kawirikawiri ndiye kuti kavaloyo wakhala akupewa kuchiponda kwa nthawi yaitali. Akavalo a mtundu umenewu, makamaka a thupi lalikulu koma ziboda zazing'ono, amavutika ndi nthenda ya kafupa kena kakang'ono kamene kali mkati mwa chiboda chakumbuyo kwake. Madokotala nthawi zina amadula mtsempha wa ululu wopita kumeneko kuti kavalo asamamve kupweteka. Wogula wochenjera amafufuza kachipsera kakang'ono kuseri kwa mwendo, pamwamba pa chiboda. Kavalo wodulidwa mtsempha amayenda ngati wabwinobwino, koma nthenda ili momwemo, ndipo mbali ina ya phazi lake sakuimva.

Akatero amatsegula kukamwa, monga timachitira ndi mbuzi kapena ng'ombe pamsika. Mano akutsogolo a kavalo amasintha awiriawiri: apakati ali ndi zaka ziwiri ndi theka, otsatira pa zaka zitatu ndi theka, a m'mbali pa zaka zinayi ndi theka. Akamakwana zaka 5 mano onse amakhala achikulire. Pa dzino lakumwamba la m'mbali pamatuluka kamzere kokumbika kavalo akafika zaka 10. Kamzereko kamatsika mpaka pakati pa dzino pa zaka 15, n'kufika pansi pa zaka 20. Mano sanena tsiku lobadwa, koma wogulitsa akati kavalo ali ndi zaka 8 pamene kamzere kafika pakati, wogula amadziwa kuti pali bodza penapake. Ndipo bodza likapezeka pa zaka, zina zonse zimene wanena zimayamba kukayikitsa.

Kumuona pa ntchito

Mwambo wawo ndi wakuti mwini wake ayambe ndi iye kukwera. Akakana popanda chifukwa chomveka, wogula amakhala tcheru. Amaonetsetsa mmene kavalo akuchitira pomumanga chishalo: kodi akupinda msana, akuponya makutu kumbuyo, akufuna kuluma? Zimenezi zikhoza kusonyeza msana wopweteka kapena zilonda za m'mimba, zimene zimavuta kwambiri akavalo oyenda maulendo ataliatali.

Kenako wogula amakwera yekha ndi kuyesa ntchito yeniyeni. Malo amene kavalo amaululira zambiri ndi pa chipata. Kavalo wa migolo amene akumva ululu kapena anatopetsedwa mtima amakana kulowa m'bwalo: amabwerera m'mbuyo, kuima ndi miyendo iwiri, kutuluka thukuta asanathamange n'komwe. Wokola ng'ombe amayambira m'kachipinda ka m'mbali mwa khola, ndipo ayenera kuima phe mpaka ng'ombe itatsogola. Akafulumira n'kudula kachingwe kotchinga, chilango chake ndi masekondi 10. Kavalo wosakhazikika m'kachipindamo, kaya athamange bwanji, sapata kanthu.

Koma kwawo kavalo aliyense amaoneka wabwino. Bwalo akulidziwa, ng'ombe akuzidziwa, phokoso palibe. N'chifukwa chake ogula ambiri amapempha kuti akamuone pa mpikisano weniweni, pamene pali zokuzira mawu, chinamtindi cha anthu ndi akavalo achilendo. Ena amapangana kuti amutenge masiku angapo akamuyese kwawo, atalemberana kuti akavulala pa masiku amenewo mlandu ndi wa ndani. Amaonanso ngati akulowa m'ngolo yake yokokedwa ndi galimoto popanda kulimbana, ngati akudya ndi kumwa madzi achilendo. Moyo wa kavalo wa rodeo ndi wa pamsewu. Wokana kumwa pa ulendo amafika pa mpikisano atafooka kale.

Dokotala akhale wa wogula

Zonse zikayenda bwino, amaitana dokotala wa ziweto. Apa pali lamulo limene odziwa salisiya: dokotalayo amusankhe ndi wogula, amulipirenso ndi wogula, ndipo asakhale amene amathandiza ziweto za wogulitsa. Sikuti akumuganizira zoipa ayi, koma munthu zimamuvuta kunena chilema cha malonda a kasitomala wake wa zaka zambiri.

Dokotala amayamba ndi mtima ndi mapapo. Kavalo wamkulu akapuma, mtima wake umagunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi imodzi. Amaunika maso m'malo a mdima, chifukwa kavalo wosaona bwino mbali imodzi amadzidzimuka pafupipafupi ndipo mgolo amauyeza molakwika. Amafinya chiboda chilichonse ndi chitsulo chonga pulayala yaikulu kuti aone pamene akumva kuwawa.

Kenako amabwera pa mayeso amene ogulitsa ambiri amagunda nawo mtima. Dokotala amanyamula mwendo umodzi, kuupinda zolimba, n'kuugwira choncho kwa mphindi pafupifupi imodzi. Akangousiya, wina amathamanga naye kavaloyo molunjika pa malo olimba. Mfundo yabwino imabwerera msanga. Yodwala imaonekera pompo, kavalo amatsimphina mapazi angapo oyamba kapena kupitirira. Amatero mwendo ndi mwendo. Amamuzungulitsanso pa chingwe, kumanja ndi kumanzere, pa nthaka yolimba ndi yofewa. Madokotala a ku America amayeza kutsimphina kuyambira pa 0, kutanthauza kuti palibe vuto, mpaka 5, pamene kavalo sakuponda n'komwe.

Pamene pakayikitsa amajambula mafupa ndi X-ray, makamaka ziboda zakutsogolo ndi mfundo za miyendo yakumbuyo. Ena amalowetsa kapaipi ka kamera m'mphuno kuti aone njira ya mpweya, chifukwa akavalo ambiri a migolo amatuluka magazi m'mapapo akathamanga kwambiri. Magaziwo nthawi zambiri satulukira kunja, ndiye ndi maso okha simungadziwe.

Magazi ndi ubweya sizinama

Pali mankhwala otchedwa phenylbutazone, amene amapha ululu ndi kuchepetsa kutupa. Ndi mankhwala abwino pa ntchito yake, koma kavalo wotsimphina akamwetsedwa amatha kuoneka wabwino tsiku la malonda. Palinso ena ogonetsa mtima, monga acepromazine, amene amachititsa kavalo waukali kuoneka wofatsa kwa maola angapo, ndi ena monga reserpine amene mphamvu yake imatha kukhala masabata. Ndiye dokotala amatenga magazi tsiku lomwelo. Ena amawayezetsa nthawi yomweyo, ena amawasunga mufiriji. Kavalo akasintha khalidwe kapena akayamba kutsimphina patapita masiku, magazi aja ndiwo mboni.

Magazi amayezedwanso nthenda ina yoopsa yochepetsa magazi, imene imafala kudzera mu ntchentche zoluma ndi majakisoni obwerekana. Ilibe mankhwala, ndipo kavalo akaitenga amakhala nayo moyo wake wonse. Njira yoiyezera anaipeza ndi Leroy Coggins mu 1970, ndipo mpaka lero pepala lake limatchedwa dzina lake. Popanda pepalali kavalo saloledwa kudutsa malire a zigawo kapena kulowa m'mipikisano yambiri.

Pomaliza amazula ubweya pang'ono wa pakhosi kapena kumchira, ndi mizu yomwe, n'kuutumiza kukayezedwa matenda a kumtundu. Nkhani ya kavalo wina wamwamuna, dzina lake Impressive, ndi imene inatsegula anthu maso. Anabadwa mu 1969, anali wa minofu yochititsa kaso, ndipo ankapambana pa zionetsero. Aliyense ankafuna mbewu yake, moti zidzukulu zake zinachuluka zedi. Patapita zaka kunadziwika kuti ankapatsira ana ake nthenda yotchedwa HYPP, imene imanjenjemeretsa minofu, kugwetsa kavalo mwadzidzidzi, nthawi zina mpaka kumupha. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Palinso ina, HERDA, imene imachititsa khungu kung'ambika msanga, ndipo kawirikawiri imaonekera pamene ayamba kumumanga chishalo, ndalama zoweta zitapita kale.

Mapepala ndi pakamwa pa anthu

Kavalo wolembedwa m'kaundula amakhala ndi chikalata chonena tsiku lobadwa, makolo ake, mtundu wa ubweya ndi mawanga ake. Wogula amayerekeza chikalatacho ndi kavalo amene waima patsogolo pake, ndiponso ndi mano aja. Amaona ngati dzina la mwini pa pepala ndi la amene akugulitsayo. Zotsatira za mipikisano zimalembedwa, ndiye mawu akuti anapambana kwakuti amatha kuwatsimikiza. Amapempha mbiri ya chipatala: anabayidwapo majakisoni a m'mfundo kangati, anachitidwapo opaleshoni kodi, anapumitsidwapo miyezi ingati ndipo chifukwa chiyani. Amafunsa wosula nsapato zachitsulo za kavaloyo, amafunsa amene anapikisana naye. Safunsa anadya phula.

Wogulitsa woona mtima mafunso amenewa sawaopa. Amanena yekha kuti kavaloyu chakuti chimamuvuta, ndipo ndimamusamala motere. Tonse tinaphunzitsidwa kuti kubisa chilema cha malonda n'kudya za mwini. Amene akukufulumizitsani, kunena kuti wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, kapena kukana dokotala, wakuuzani kale zimene muyenera kudziwa.

Wopanda chilema kulibe

Mwina wina angaganize kuti cholinga cha zonsezi n'kupeza kavalo wangwiro. Ayi ndithu. Dokotala sanena kuti gulani kapena musagule. Amangonena zimene wapeza ndi zimene zingatsatire pa ntchito imene mukufuna. Kavalo wa zaka 12 amene wathamanga mipikisano zaka zambiri, X-ray yake sidzasowa kanthu. Akhoza kukhalabe malonda abwino ngati akugwira ntchito osatsimphina, ngati wogula akudziwa ndalama zimene azimusamalira nazo chaka ndi chaka, ndiponso ngati mtengo watsika molingana ndi chilemacho. Chimene chimasaukitsa munthu ndi chilema chimene sanachidziwe pogula.

Nkhani ya Scamper imaonetsa mbali ina ya zimenezi. Kavaloyu anadutsa m'manja mwa anthu angapo, anali ndi mbiri yoponya okwera pansi, ndipo anathera pa ntchito yokusa ng'ombe pa khola lonenepetsera ku Clayton, m'chigawo cha New Mexico. Kumeneko ndi kumene banja la mtsikana wina, Charmayne James, linamugula pa mtengo wochepa. Mbiri yake ankaidziwa, kavaloyo ankamuona pa ntchito, ndipo mtsikanayo anagwirizana naye. Mu 1984, Charmayne ali ndi zaka 14, awiriwa anakhala akatswiri a dziko lonse pa mpikisano wa migolo, n'kupitiriza zaka 10 zotsatizana mpaka 1993. Mu 1985 ku Las Vegas, zingwe zowongolera zinavuka kumutu kwa Scamper ali pa liwiro, koma iye anazungulira migolo yonse n'kupambana tsiku limenelo. Anamwalira mu 2012 ali ndi zaka 35. Mtima wotere makina a dokotala saujambula. Amauona ndi munthu amene wadekha, n'kukhala ndi chiweto nthawi yokwanira.

Tikabwerera kwathu

X-ray ya ziweto kumudzi kuno tilibe, ndipo akavalo si ziweto zathu. Koma zambiri zimene wogula wa ku Texas uja amachita sizilira ndalama. Kufika m'mawa chiweto chisanakonzedwe n'kwaulere. Kuimika ng'ombe yapangolo pa malo olimba, kuiyendetsa, kunyamula phazi lililonse, kutsegula kukamwa, kuimanga m'goli n'kuona ikukoka katundu weniweni, zonsezi n'zaulere. Kupita ndi munthu wanu wodziwa ziweto, kapena mlangizi wa ziweto amene sadya nawo za wogulitsa, mtengo wake ndi thiransipoti basi. Kufunsa oyandikana nawo, ndi kuona kalata yotsimikiza kuti chiwetocho n'chake, kungakupulumutseni ku mlandu wa ng'ombe yakuba.

Anzathu a kunyanja, inunso mukudziwa kuti injini ya boti imene yatenthetsedwa kale imalira msanga. Igwireni kaye muone ngati ili yozizira, ilizeni nokha, ndipo muimve ili m'madzi boti litanyamula ukonde ndi alovi. Ndalama zimene mwagwira m'manjazo ndi za usipa wa miyezi yambiri, kapena za mpunga wa chaka chathunthu. Wogulitsa akadikira tsiku limodzi kapena awiri sataya kanthu. Akakana kudikira, bwererani nazo kunyumba, malonda ena adzapezeka.